Lutek ndi Kasilikali Kapinki

Munthu asadzayerekeze kunyoza Lutek ine ndili pomwepo, ndidzam'gwira pakhosi. Zoti analakwa ndikudziwa. Mwini wakenso akudziwa, n'chifukwa chake waonda mpaka thalauza ikum'vuka.

Lutek ankakonza mabuleki a sitima za mumsewu kuno ku Bydgoszcz mpaka msana unakana. Mkazi alibe. Chimene ali nacho ndi kachipinda kapansi pa nyumba yathu yosanjikizana, momwe madoda timakumana Loweruka kumenyanitsa tiasilikali tamtovu patebulo. Enafe timangoponya madayisi n'kumatukwanana. Iye yake n'kusambitsa. Amatola tiasilikali takale topakidwa moipa, n'kutiviika m'botolo la nkhaka lodzaza mankhwala onunkha ochotsera penti, kenako n'kutikwecha ndi mswachi mpaka titi waliwali, kuti atipake mwatsopano. Penti yoipa imam'lowa m'maso ngati utsi.

Mnzathu Bronek atamwalira, akazi ake anatumiza katoni yonse ya asilikali ake kwa Lutek, kuti achite nawo zimene akufuna. Pakati pa okongola aja panali kamodzi kapinki, penti yake yokhuthala ngati phala, maso osaoneka, chipewa chobiriwira.

"Kodi Bronek kameneka anapenta ndi phazi?" anatero Lutek, tonse n'kufa nacho chiseko. Ndi kamene kanayamba kulowa m'botolo.

Pasanapite nthawi kunabwera Jagoda, mwana wa Bronek, amene ndi namwino ku Gdańsk.

"Amalume, zonsezo sungani. Ine ndikungofuna kamodzi, kapinki. Ndinakapaka ndili mwana, nditakhala pamiyendo pa adadi. Ankakasunga pawindo la kuchipinda kwawo, ndiye amayi anangokolopolera zonse m'katoni."

Lutek anayang'ana pansi n'kunena kuti kali pansi pa katundu, adzabwerenso. Mtsikana atangotuluka ndinam'lumphira.

"Chitsiru iwe! Pakamwa pako pamatidwa ndi guluu? Bwanji sunamuuze?"

"Wiesiek, nkhope yake unaiona?"

"Ndaiona, nanga ndilibe maso? Koma penti ija ili m'ngalande, ukaivuula?"

Anatenga burashi.

Apa ndiye panali zomvetsa chisoni. Dzanja limene lapenta mabatani a jekete aang'ono ngati mchenga kwa moyo wonse, lingapake ngati mwana? Linakana. Anayesa ndi lamanzere, mzere n'kuwongokabe. Anayesa ndi kamtengo ka machesi. Anayesa atavala magolovesi a m'chisanu. Akamaliza ankakayang'ana, kupukusa mutu, n'kukabwezera m'botolo. Kasilikali kaja kanasamba kuposa ine chibadwire.

"Kwanira, wojambula wamkulu," ndinam'kalipira tsiku lina. "Kaipa mokwanira. Kakufanana ndi iwe."

Sanaseke.

Jagoda atabweranso anakatembenuzatembenuza m'manja.

"Ee, ine ndimayesa kanali konyansa kuposa apa," anatero akuseka, kenako misozi chuu. Anam'kumbatira Lutek. "Zikomo posakakhudza, amalume. Ndimadziwa kuti inu ndi botolo lanu lija simukhululuka."

Lutek anaima ngati mtengo wa magetsi.

Chichokereni tsikulo mswachi wake unauma. Anthu amabweretsa makatoni, iye amangowaunjika pakona. Ukamufunsa amati mankhwala akum'tsokomoletsa. Bodza.

Pa Tsiku la Oyera Onse tinapita kumanda, monga aliyense, kukayatsa makandulo. Pa manda a Bronek, pakati pa maluwa, panali kabotolo kagalasi, m'kati mwake kasilikali kapinki. Jagoda ndi amayi ake anali pomwepo, atakweza makolala chifukwa cha mphepo. Lutek anaima patali.

"Pita ukanene," ndinam'kankha. "Akakumenya mbama, tsaya langa lilipo, tigawana."

Anapitadi. Anavula chipewa. Ndinaona pakamwa pake pakutseguka, koma Jagoda anam'patsa machesi kuti ayatse kandulo, n'kumulankhula kanthu atam'gwira pamkono. Anayatsa n'kubwerera.

"Wanena?"

"Akuti pa anzawo onse a bambo ake, amene bambo akewo ankam'dalira kwambiri ndi ine."

"Ndiye iwe wati chiyani?"

"Ndati zikomo."

Ndinafuna kumutukwana pomwepo, pakati pa akufa. Koma ndinangom'veka chipewa chake, poti anali ataiwala kuti chili m'manja.