Zingwe ziwiri pa bwalo la mpira

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi achimwene anga a Chimango, amene ankagwira pagolo m'timu ya kwathu, kufupi ndi Uliwa. Ndinali mu Fomu 2, patchuthi chachitali cha Ogasiti, m'zaka zija za chipani chimodzi. Anamva kuti pa bwalo latsopano akufuna anthu odzala kapinga, ndipo ananditengera kwa kapitawo, a Mbewe, munthu wa ku Dedza amene boma linamutumiza kudzayang'anira ntchitoyo.

"Amalankhula ameneyu?" a Mbewe anafunsa, poona kuti ndangoyang'ana pansi.

"Amalemba," anatero achimwene. "Zolankhula zake zonse zimathera m'kabuku."

"Kapinga safuna nkhani. Abwere mawa."

Bwalolo linabadwa pa mkangano. Boma linapereka simenti ndi malata, anthu a m'midzi n'kupereka mchenga, njerwa ndi manja awo. Akomiti ena ankafuna denga lalitali mbali yonse ya kumadzulo, poti dzuwa la kwathu silisewera ndipo alendo akuluakulu sangakhale padzuwa. Ena ankati denga silisewera mpira, ndipo matimu a ligi sadzabwera kudzathamanga pa fumbi ndi miyala. Pomaliza anagawa pakati: kashedi kamodzi ka malata, ka mipando ya alendo, ndi kapinga pa bwalo lonse. Ena tonse tidzaonera padzuwa.

Kwa ine kapingayo anali ndi nkhope ya achimwene. Mawondo awo ndi zigongono zinali zipsera zokhazokha chifukwa chodziponya pa nthaka youma, ndipo amayi ankawatsuka ndi madzi a mchere Lamlungu lililonse.

Kadzalidwe kake kanali kotere. Amuna ankagaula ndi makasu, n'kuthira dothi lakuda losakaniza ndi ndowe za ng'ombe, kenaka n'kusalaza ndi reki. Ife tinkakhoma zikhomo, kukoka chingwe, ndi kukumba kangalande kosaya motsatira chingwecho. Kapinga tinkakazula kudambo, kumunyamula pa wilibala ataphimbidwa ndi thumba lonyowa. Pogoneka tsinde m'kangalande, mfundo zimayenera kukwiririka koma masamba atuluke kunja. Ukatero umatsindira ndi chikhatho, osati phazi. Kuthirira kunali m'mawa ndi madzulo, ndi kheni ya chisefa kukamwa, chifukwa madzi a m'ndowa amakokolola dothi n'kusiya mizu pamtunda.

"Mpaka atagwira, ngakhale nkhuku isapondepo," ankatero a Mbewe. Anazunguliza chingwe bwalo lonse. Chingwe china anamanga kutsogolo kwa shedi, poti akomiti analamula kuti pansi pake, pamene anapaka utoto wofiira, pasaponde munthu kufikira tsiku lotsegulira.

Tsiku lovuta linadza mu Seputembala. Sitima ya panyanja inafika ku Chilumba ndi simenti yotsala, ndipo a Mbewe anatenga amuna onse kukatsitsa. Atsikana anzanga anapita kudambo. Ine anandisiya kuti ndizithamangitsa mbuzi.

Dzuwa lili paliwombo ndinamva ng'oma. Gulu la amayi ovala nsalu za chipani linatulukira kumsewu, kutsogolo kuli a Nyagondwe, wapampando wawo, mayi wamtali wa mawu amphamvu. Anabwera kudzakonzekera gule wa tsiku lotsegulira, ndipo gule ameneyo amavinidwa pakati pa bwalo. Sanalakwe kanthu. Anauzidwa kuti akonzekere, ndipo palibe anawauza za kapinga.

Masiku amenewo mwana sankaimitsa amayi a gule. Ngakhale aphunzitsi athu ankawapatukira. Ndinaona a Nyagondwe akukweza phazi kuti adumphe chingwe, ndipo m'mutu mwanga munangobwera mizere imene tinadzala titawerama mpaka msana kuuma. Mapazi a gule wa chiwoda amakwekwereza pansi. Nyimbo ziwiri zokha zikanazula zonse, ndipo nthawi yodzalanso mvula isanayambe panalibe.

Ndinathamanga n'kukagwada patsogolo pawo, kunja kwa chingwe.

"Mwana wa njani uyu?" anafunsa m'Chitumbuka, kufuna kudziwa makolo anga.

"Wa a Msiska, wa ku sekondale uja," wina anayankha. "Samayankhula. Mwina akupempherera udzu."

Anaseka onse. Ine ndinayang'ana zala za kumapazi kwa a Nyagondwe, n'kunena chapansipansi kuti kapinga sanagwire.

"Kweza mawu, mwana wanga. Ukulankhula ndi nyerere?"

"Kapinga sanagwire, amama. Mukavina pano afa."

"Ndiye tivine kuti? Pamsewu, magalimoto atiphe? Tikadzasokoneza mapazi pamaso pa alendo, adzafunsa iwe kapena ine?"

Funso lawo linali loona. Ndinayang'ana uku ndi uku. Kuseri kwa golo kunali milu ya njerwa, kwinako minga. Malo osalala anali amodzi okha, ndipo nawonso anali ndi chingwe. Ndinaganiza kuti fumbi la pa simenti limachoka ndi chikolopa, koma muzu wozuka subwerera. Ndinadzuka, ndinapita pa shedi, n'kumasula mfundo ya chingwe chachiwiri.

Onse ankadziwa kuti malowo ndi a yani.

"Pamenepo m'pa mabwana," anatero wina.

A Nyagondwe anayang'ana malata, n'kuyang'ana dzuwa. Anapukuta thukuta ndi nsonga ya nsalu.

"Mchenga wa pansi apa unabwera pa mutu wa bwana uti?" anatero. "Langa khosi likadawawa. Vulani nsapato, amene muli nazo. Ng'oma zikhale kunja."

Anavina mopanikizana, mizere yopindika, akugundana zigongono ndi kutukwanizana mwanthabwala. Mayi wina wachikulire anati aka kanali koyamba kuvinira boma ali pamthunzi. Pochoka, a Nyagondwe anandiloza ndi chala. "Wamasula ndiwe. Akafunsa, usabisale kuseri kwa ine."

Anafunsadi. M'mawa mwake wapampando wa komiti anapeza pansi pofiira paja patasanduka potuwa, utoto utakalika m'mphepete. Anakalipira a Mbewe, a Mbewe n'kundiitana. Ndinanena zimene ndinachita ndi chifukwa chake, m'Chichewa changa cha kusukulu. Wapampando anati mwana wasukulu alibe mphamvu yomasula chingwe cha komiti, ndipo ananena zoona. Anafuna ndichotsedwe.

"Ndinamusiya yekha ndi zingwe ziwiri," anatero a Mbewe. "Cholakwa chiyambire pamenepo. Akolope, ndipo utoto apake yekha."

Ndinakolopa ndi chiguduli ndi sopo, nditagwada, mpaka mawondo anasupuka. Kenaka a Mbewe anandionetsa kapakidwe: burashi iyende mbali imodzi, uyambire kukona yakutali kuti usadzitsekere. Kuthirira kwanga sanandichotsere, ndiye ndinkayamba ndi kheni, masana burashi, madzulo kheni. Anzanga ananditcha Wapampando wa Udzu, ndipo dzinalo linanditsata mpaka kusukulu. M'kabuku kanga ka masiku amenewo muli mzere umodzi wokha, wolembedwa ndi dzanja lotopa: lero mfundo zatulutsa mizu yoyera.

Pa tsiku lotsegulira kapinga anali atalukana ngati mphasa. Amayi a gule anavina pakati pa bwalo ndipo kapingayo sanazuke. Alendo anakhala pansi pa malata, ine ndinaima padzuwa kuseri kwa golo pamodzi ndi anthu ena onse. Timu ya ku Mzuzu inatigoletsa, koma achimwene anadziponya kumanja ndi kumanzere, ndipo madzulo ake amayi athu sanatenthetse madzi a mchere.

Ndagwira ntchito zina kuchokera pamenepo, ndipo manyazi sanandithere. Koma ndikapatsidwa zinthu ziwiri zoti ndisunge, mphamvu zili za chimodzi, ndimadzifunsa kuti n'chiti chingakonzeke mawa ndi manja angawa. Chimenecho ndimachilola kuwonongeka. Kenaka ndimakanena ndekha kuti ndamasula ndine, ndipo ndimafunsa kumene kuli chikolopa.