Chitseko Chomvera Foni Yake

Anzanga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake ndinasiya kuposita zithunzi za setup ya kompyuta yanga. Khalani pansi, lero ndiulule.

Ndinakumana ndi mnyamata wina mu shopu ya zida za makompyuta, tonse awiri titagwira kafani kamodzi komwe kanatsala pa shelefu.

"Asisi, aka n'ka kompyuta, si koziziritsira nkhope," anatero akumwetulira.

"Ndikudziwa, achimwene. Ndipo mwakagwira chozondoka."

Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kafaniko anandisiyira, koma nambala yanga sanaisiye.

Mukundidziwa ine, kompyuta ndimamanga ndekha, mawaya n'kuwamangirira ngati ndikuluka tsitsi. Iye ntchito yake inali yoika ma smart home, zida zolamulidwa ndi foni, m'nyumba za anthu. Ankanditcha Mawaya, ine ndinkamutcha Admin. Loweruka lonse linkatithera pansi pa desiki, tikupukuta fumbi m'makina, kukangana za ma keyboard. Mwamuna ameneyu ndinamukonda mpaka kupusa, sindikubisirani.

Kenako anayamba kukonza nyumba yanga. Magetsi oyaka ukawalankhula, kamera pabalaza, ndiye loko wa pachitseko wotsegula ndi foni, kunja ndi m'kati momwe. M'bokosi la lokoyo munali kakiyi kakang'ono kotsegulira zinthu zikavuta.

"Kataye ako, babe. Makiyi ndi za agogo."

Koma ife okonda makompyuta sititaya kanthu, ngakhale kasikuluu kopanda ntchito. Ndinakamata ndi tepi m'kati mwa kompyuta yanga, pamodzi ndi timasikuluu totsala, n'kuiwalako.

"Undipatse admin, ulamuliro wa nyumba yonse pa foni, ndizikuyang'anira," anatero tsiku lina.

Kwa ife, kupatsa munthu admin kumaposa mphete. Ndinapereka ndi manja awiri!

Mameseji ake anayamba pang'onopang'ono...

"Waseka ndi ndani pa headset?"

"Chitseko chatseguka. Walowa ndani?"

Mbama yoyamba inabwera chifukwa cha bambo okonza mpopi, achikulire a imvi zawo. Akuti ndinawasekerera. Mawa lake anandigulira keyboard yatsopano akulira, ine n'kukhululuka. Ulendo wachiwiri anandigenda ndi mouse ya kompyuta, diso n'kutupa. Mkulu wanga atafunsa, ndinati ndadzigunda pa desiki.

"Desiki imeneyo ili ndi manja?" anandifunsa.

Ndinkakhala m'nyumba yangayanga ngati mlendo, kuopa ngakhale kuyasamula. Loweruka lina masana, iye ali kuntchito, ndinatopa nazo. Ndinakwera pampando n'kumata katepi kakuda pa kamera ija.

Ndisanatsike n'komwe pampandopo, magetsi onse anathima. Ndinathamangira kuchitseko, foni ikuti sindikudziwika m'nyumba muno. Anali atandichotsa pa app yotsegulira loko! Ndinakoka, ndinakankha, chitseko chachitsulo chili nji. Mawindo nawo ali ndi zitsulo. Ndinayesa kuimbira mkulu wanga, foni yake osapezeka.

Meseji inalowa: "Ndikubwera."

Anzanga, mantha amene aja sindingawafunire munthu.

Analowa, chitseko n'kudzitseka chokha kumbuyo kwake. Sanafunse kanthu. Anandilanda foni n'kuimenyetsa pansi, kenako n'kundigwira tsitsi, kundigunditsa kukhoma.

"Ukubisa ndani?"

"Palibe, Admin, ndimangofuna kupuma..."

"Kupuma? Nyumba ino ndinaikonza ndine! Umatuluka ndikafuna ine!"

Chibakera cha pakamwa, china cha m'nthiti. Ndinagwera pansi pa desiki, pomwe paja tinkakhalira limodzi kupukuta fumbi. Ndinakuwa mpaka mawu kusasa. Mayi osoka zovala a khomo loyandikana nalo anayamba kugogoda kunja, koma akanalowera pati?

"Ichi ndi chimene chimakupatsa matama," anatero akuyang'ana kompyuta yanga.

Anaizula ndi mawaya omwe, kuinyamula m'mwamba, n'kuiponya pansi. Phwaa! Galasi la pambali linamwazika paliponse. Kompyuta imene ndinaimanga ndekha, chida chimodzichimodzi, inangoti bwanyu patsogolo panga. Kafani kaja kanagubuduka mpaka kumapazi anga.

Ndipo pakati pa magalasi osweka, ndinaona kakiyi kaja, tepi ili lende.

"Laputopu ili kuti? Nayonso lero ifa," anatero akulowa kuchipinda.

Ndinakwawa pamagalasi pomwepo. Anandicheka m'manja ndi m'mawondo, koma sindinamve kuwawa. Kabowo ka kiyi kanali kunsi kwa loko, zala zikuterera ndi magazi. Koyamba kanakana. Kuchipinda ndikumva madirowa akugwa. Kachiwiri... khethe!

Chitseko chitatseguka, ndinagwera m'manja mwa mayi osoka aja, ali ndi sizasi kumanja, kumbuyo kwawo kutadzaza anthu.

"Mwana wanga, tiye," anatero, n'kundifunditsa nsalu ya kasitomala.

Iye atatuluka n'kuona gululo, mawu ake anafewa ngati tsiku lija mu shopu.

"Mawaya, watsegula bwanji?"

Taonani anzanga. Ine magazi ali chuchuchu, iye funso lake linali la loko.

Nkhani inakafika kupolisi, ndipo ikuyenda. Panopa ndikukhala kwa mkulu wanga. Magetsi timayatsa pakhoma ndi chala, chitseko chili ndi loko wachikale, kiyi wake ndimavala m'khosi. Kompyuta ina sindinamangebe, ndikagwira sikuludiraiva ndimangoibweza pomwepo. Babu ikangophethira, mtima umati ndi iye.

Chimene chimandipweteka kwambiri si zipserazi ayi. N'chakuti sanathyole chitseko changa kuti alowe. Ndinamupatsa ndekha, ndikumwetulira.

Kondani anzanga, kondani ndithu. Koma kiyi wa khomo lanu asamachoke m'manja mwanu.