Dothi la Manda a Atate

Atate anamwalila chaka chimene mudzi wathu unapenga ndi golide. Ndikuti unapenga ndithu, sindikuwonjezela. Inali nthawi ija zipani zitachuluka, depoti ya boma imene tinkagulitsako chimanga itatsekedwa, feteleza naye atasowa. Munthu wina anaona tinthu tonyezimila m'kamtsinje ka kuseli kwa phili, basi amuna onse anataya minda. Ogula ankabwela ndi magalimoto kuchokela ku Lusaka, kudzela ku Nyimba, atanyamula tisikelo tawo tating'ono. Ngakhale mabeseni athu osambila anathela kumtsinje, kotsukila dothi.

Ife tinali obwela. Makolo anga anathawa nkhondo ku Mozambiki ine ndili kamtsikana, ndipo tinapatsidwa malo kuno ku Petauke. Nkhondo itatha anzathu ambili anabwelela kwawo, koma atate anakana. Mng'ono wanga anali atamwalila kuno, ndipo anagona m'manda a mudzi uno.

"Kwathu ndinasiya abale anga pamtunda, osawaika m'manda," ankandiuza motelo. "Uyu yekha sindimusiya. Ndikadzafa mudzandigoneke pambali pake. Amai ako adzagona mbali inayo."

Tsiku loika malilo, adzukulu analawilila kukakumba. Kwathu kuno adzukulu, anthu okumba manda, sakalipilidwa. Akhoza kukugwilila nkhuku kapena kukuseka uli ndi misozi, iwe umangokhala chete. Koma nawonso ali ndi lamulo lawo: dothi lotuluka m'manda limabwelela m'manda lonse. Ngakhale la pa fosholo amalipalila pomwepo. Munthu wonyamula dothi la kumanda kupita nalo kumudzi, aliyense amadziwa dzina lake, ndi mfiti.

Tinadikila uthenga woti manda atha. Kwaya inaimba nyimbo zake zonse mpaka kuyambilanso. Dzuwa litapendeka kunabwela mkulu wa adzukulu, bambo woyandikana nafe nyumba, amene atate ankamubweleka ng'ombe zolimila. Anagwada pakhomo la nyumba ya malilo, ine ndili pambali pa amai.

"Amai, pamalo paja tapeza mwala. Mwina tikumbe pena."

"Mwala unayamba liti kukanika piki yanu, inu amene mukuboola phili tsiku ndi tsiku?" anafunsa amai. "Amuna anga agona pambali pa mwana wawo."

Bambo uja anayang'ana pansi. Podzuka ndinaona matumba a buluku lake atafufuma, koma ndinaganiza kuti ndi fodya.

Kenako tinafika kumanda. Kunali chinamtindi cha anthu, ena amene sanawapatsepo atate moni chibwelele chathu. Ndinayamba kuthokoza mumtima kuti kani atate ankakondedwa chonchi. Kenako ndinaona dzenjelo. Linali lakuya kuposa manda alionse amene ndinaonapo, lotambalala ngati nkhokwe, m'mbali mwake mukuoneka mwala woyela, uja umene umakhala ndi golide. Koma mulu wa dothi pambali pake unali kamulu chabe. Kuseli kwa tchile kunali masaka akale a feteleza odzaza dothi, omanga kukamwa, ataimikidwa bwinobwino.

Bokosi analitsitsa ndi zingwe zolumikiza, chifukwa zamasiku onse sizinafike pansi. Mkulu wa mpingo anatapa dothi monga mwa mwambo. Akunena mawu aja oti dothi libwelele kudothi, chala chake chachikulu chinali kufikisa dothilo m'dzanja, maso ali pomwepo. Ndinaona ndi maso angawa. Anthu anayamba kudutsa mmodzimmodzi kuti aponye dothi lotsanzika. Aliyense ankatapa, n'kutambasula dzanja, n'kuyang'anitsitsa, kenako n'kuponya. Ena sanaponye n'komwe. Ankangogwedeza dzanja pamwamba pa dzenje, n'kulibweza m'thumba lili chifumbatile. Mayi wina amene ndinkaimba naye kwaya anamanga lake pa nsonga ya chitenje.

Adzukulu atakwilila, dothi linatha dzenje lisanadzaze. Atate anatsala m'chigwa, popanda mtumbila. Apo m'pamene pakamwa panga panatseguka. Ine ndine wa mtima wapachala chibadwile, ndipo tsiku limenelo ndinawatchula onse maina awo, ndinaloza masaka aja, ndinafunsa ngati atate anathawa zipolopolo kuti adzabedwe dothi ndi anthu opemphela nawo. Amayi achikulile anandigwila pakamwa. "Iwe, adzukulu sakalipilidwa." Tamvani zimenezo. Mwambo woteteza akuba anaukumbuka, koma wobweza dothi anali atauiwala.

Mkazi wamasiye sayenela kuyenda yekha tsiku limenelo, amagwilidwa mikono mpaka kunyumba. Koma amai anachotsa manja a owagwila, n'kulowela njila ya kumunda kwa atate. Ndinawatsatila. Anavula chitenje chapamwamba, anachiyala pansi, n'kuyamba kukokelapo dothi la m'mizele ndi manja. Anamanga mtolo, ndinawasenzetsa, nanenso ndinamanga wanga. Titabwela ulendo wachiwili, amayi ena anachita manyazi n'kutenga malichelo. Amuna anangoima. Mtumbila wa atate unakwela ndi dothi lofiila la m'munda mwawo, lokhala ndi mizu ya chimanga, pakati pa mitumbila yotuwa.

Ndinkayesa kuti zathela pomwepo. Sabata isanathe tinapeza dzenje latsopano pafupi ndi manda, likulowela cham'mbali kupita pansi pa atate. Tinakadandaula kwa akuluakulu a mudzi, koma ana awo ndiwo anali ndi mapiki. Kuyambila tsiku limenelo amai anasamukila kumanda. M'mawa ankatenga mphasa ndi dengu la nshawa, n'kukakhala pakati pa mwamuna wawo ndi mwana wawo, akusenda mpaka dzuwa kulowa. Okumba akafika ankawapatsa moni mwaulemu, n'kuwafunsa za ana kunyumba. Palibe amene analimba mtima kuponya piki mayi wamasiye akumuyang'ana. Ankakumba chapatali, kapena kudikila tsiku limene amai adwala.

Ndiye mudzi womwewo, umene unanyamula dothi la kumanda m'matumba, unayamba kunong'ona kuti amai ndi mfiti, chifukwa munthu wabwinobwino sakhala kumanda. Ana ankathawa akakumana nawo panjila. Kuchigayo anthu ankasuntha matumba awo. Zimenezi zimandiwawa mpaka lelo, ndipo ena mwa anthuwo sindiwapatsa moni.

Golide uja sanakhalitse. Kunamveka kuti watuluka kuphili lina cha ku Nyalugwe, ndipo onse anathamangila kumeneko. Anatisiyila maenje odzaza madzi a mvula. Limodzi linali pamalo penipeni pamene atate anasungila amai.

Patapita zaka amai anadwala, ndipo tonse tinaona kuti sadzukanso. Tsiku lina ndikuwamwetsa phala anandigwila dzanja.

"Mukandiike kumanda atsopano, kudambo kuja. Kuli dothi lamakande lokhalokha, kulibe mwala woyela."

"Nanga mawu a atate aja, amai? Anati mudzagona mbali inayo."

"Mbali inayo ndi dzenje, mwanawe. Ndipo ndikagona pamenepo, adzandilondela ndani? Iwe uli ndi ana."

Tinawaika kudambo, kutali ndi mwamuna amene anawoloka naye malile, kutali ndi mwana wawo. Dothi linakwana, mtumbila unakwela bwino, ndipo anthu anati malilo anayenda mwaulemu. Ine sindinaone bokosi la amai likutsika. Nthawi yonseyo ndinali kuyang'ana manja a anthu.