Tsiku limene boma linandifunsa za mowa wa mbale wanga

Chaka chimene malire a mayiko anatsekedwa chifukwa cha mliri, mbale wina wa mumpingo mwathu ku Mirrabooka, kuno kunja kumene tikukhala, anataya mayi ake ku Dedza. Maliro anaonera pa foni. Kuchokera pamenepo anayamba kumwa, kumwa koiwala nako pakhomo, mpaka apolisi anamugwira akuyendetsa galimoto ataledzera. Ndinkamutenga kupita naye ku mapemphero a abambo, nthawi zina fungo lili guu, ndipo Ambuye anamuchitira chifundo. Analeka.

Kenako anamuitana ntchito ya zamagetsi kumene amakonza sitima za asilikali. Kumeneko munthu salowa boma lisanafufuze moyo wake n'kumupatsa chilolezo. Anapereka dzina langa kuti ndikhale mboni.

Anabwera kwathu ku Balga n'kuima panja, pakuti mkazi wanga ankatsokomola.

"Achimwene, akakufunsani za mowa, munene kuti palibe. Inenso ndatero."

"Palibe bwanji?"

"Womwa uja anafa. Si inu nomwe munkatiphunzitsa kuti zakale zapita? Zimene mwazi unaphimba mukazivundukule kwa anthu a boma?"

Sankachenjera ayi. Ankakhulupiriradi, ndipo mawuwo anali anga. Masiku otsatira mtima sunakhale pansi. Kuntchito ku Morley ndinkaika katundu pa shelefu yolakwika. Ndikagwada kuti ndipemphere, ndinkapezeka ndaimirira, ndikuyang'ana foni. Mulungu anamukhululukira, inde. Nanga chikhululukiro chimasandutsa chinthu chochitika kukhala chosachitika? Ana ake atatu ankadikira ntchito imeneyo.

Mayi wina wofufuza wa boma anaimba ndili pa nthawi yopuma. Ndinathawira mugalimoto, masiki ili pachibwano. Kenako anafika pa funso la mowa. Ndinanena zonse.

Sanadabwe. Anafunsa kuti analeka liti, ndiponso ngati anaonanapo ndi dokotala kapena mlangizi.

"Timapemphera naye," ndinatero.

"Zimenezo ndalemba. Nanga atamva uthenga wina wa maliro, malire akadali otseka, angathamangire kwa yani asanafike pa botolo?"

Pomaliza mayiyo anati munthu amene anagwa n'kufuna thandizo sawaopsa kwenikweni. Amene amawaopsa ndi wobisa, chifukwa munthu aliyense angamugwire pakhosi ndi chinsinsi chakecho.

Ndinamuimbira mbale uja pomwepo.

"Ndanena. Aimbireni a boma lero, mukonze nokha zimene munawauza."

"Mwandigulitsa, achimwene."

"Mwina. Koma aimbireni."

Anadula foni. Lamlungu sanabwere kutchalitchi, lotsatira lakenso ayi. Popita kuntchito ndinkazungulira dala kudutsa pamsewu wawo, osaima. Ndinamva kwa mkazi wake kuti anawaimbiradi, ndipo a bomawo anamuuza kuti akaonane ndi mlangizi wa za mowa. Akuti ankapita mokwiya, akung'ung'udza kuti wochiritsidwa safuna sing'anga, koma ankapita.

Miyezi inadutsa. Tsiku lililonse ndinkadzifunsa ngati ndachotsa chakudya pakamwa pa ana aja.

Chilolezo chinabwera malire atatsegulidwa kale, ndipo ntchito anaiyamba. Anabwereranso mumpingo. Tikakumana pakhomo la tchalitchi amandipatsa moni waulemu, manja awiri, n'kupitirira kukakhala mbali ina. Sitinakambiranepo za nkhaniyi. Ndimamupempherera, koma kwathu sanapondenso.