Tajambulitsa Bodza Lopita ku Mulanje

M'mawa wa tsiku la Khirisimasi ine ndinatsuka njerwa. Inde, njerwa yomangira nyumba. Ndinaikwecha ndi mchenga, n'kuiyanika padzuwa, kenaka n'kuilowetsa bwinobwino m'pepala la buledi limene ndakhala ndikusunga pansi pa matiresi kuyambira chaka chatha. Nditamanga kukamwa kwa pepalalo ndinaima chapatali n'kuyang'ana. Kunena zoona, anali buledi wokongola.

Musathamangire kundiseka. Inu a m'makomboni a tiyi kuno ku Honde ndi ku Chipinge, amene makolo athu anachokera ku Malawi, mwambo umenewu mukuudziwa bwino. Khirisimasi iliyonse wojambula amabwera panjinga. Banja limatulutsa tebulo panja, pamalo poti kumbuyo kuoneke minda ya tiyi yobiriwira. Bambo avala suti, ana adzola mafuta mpaka nkhope kunyezimira, patebulo pali buledi, jamu, mabotolo a zakumwa ndi wailesi. Chithunzicho chimapita kumudzi, kuti abale aone kuti amene anapita ku Halale sanapite pachabe.

Wailesiyo nthawi zambiri inali imodzi pamzere wonse wa nyumba. Ya kapitawo wathu wakale inafika pazithunzi ku Thyolo, ku Zomba, ku Mulanje, ili patebulo la banja lililonse. Koma masiku amenewo bodza lake linali laling'ono. Wailesi inali yobwereka, buledi anali weniweni, ndipo wojambula akangotembenuka tinkamudya.

Chaka chino simufuna kuti ndikuuzeni. M'masitolo mwatsala mashelefu okhaokha. Ndalama ukailandira m'mawa, pofika madzulo sigula ndi machesi omwe. Sukulu imene ndimaphunzitsa inatsekedwa kalekale, choko chinauma m'manja. Kwathu, kumene ndimakhala ndi bambo anga okalamba ndi mwana wanga wamkazi Chipo wa zaka zinayi, timadya nthochi zosapsa zophika. M'mawa nthochi, madzulo nthochi, tsiku labwino nthochi zothira mchere.

Masabata atatu apitawo kunabwera kalata kuchokera ku Mulanje. Anaibweretsa pamanja dalaivala wa lole, mwana wa ku Thyolo, amene amanyamula katundu pakati pa Blantyre ndi Mutare ndipo mkazi wake amakhala ku Ruda, kufupi ndi kwathu kuno. Inali yochokera kwa azakhali anga, mlongo wawo yekhayo wa bambo amene watsala. Maso a bambo anachita khungu pang'ono, choncho ndinawawerengera ndine.

“Achimwene,” inatero kalatayo, “pawailesi tikumva kuti kumeneko kwavuta. Ngati n'zoona, bwerani kwanu. Chimanga chilipo m'nkhokwe. Munda wa malemu amayi ndakusungirani zaka zonsezi, koma ine mphamvu zatha. Mdzukulu wanga wakwatiwa, ndipo ngati simubwera ndiupereka kwa mkamwini. Dalaivalayu ndalankhula naye, adzakutengani pobwerera ikatha Khirisimasi, inu, mwana wanu ndi mdzukulu. Koma ngati muli bwino monga timaonera pazithunzi, mundiyankhe, mtima wanga ukhale pansi.”

Ndinaiwerenganso chamumtima. Chimanga m'nkhokwe! Munda! Kuno bambo athyola tiyi zaka zoposa makumi anayi, koma alibe ngakhale kadimba kakang'ono koti n'kutcha kawo. Nyumba imene tikukhalayi ndi ya kampani, ndipo tili m'menemo chifukwa dzina langa likadali m'buku la antchito, ngakhale sukulu ya kampaniyo ndi yotseka. Chitupa chawo chimati ndi mlendo, ngakhale anafika kuno ndevu zisanamere.

Bambo anamvetsera mpaka kumapeto. Anasisita bondo. Kenaka anafunsa, “Nabanda, kodi wojambula uja abwera chaka chino?”

“Bambo, mwaimva kalatayi?”

“Ndaimva. Ndafunsa za wojambula.”

“Tijambulitsa chiyani? Nthochi?”

“Iwe ndiwe mphunzitsi. Uona chochita.”

Ndiye ndinaona chochita. Buledi mwamumva kale. Mabotolo atatu a zakumwa ndinabwereka kwa mnansi, n'kuthiramo tiyi wozizira wopanda mkaka, n'kukhomera zitsekerero zakale. Tiyi yekha ndiye sitisowa kuno, timathyola tokha, timamwa wopanda shuga, ndipo akakhala m'botolo simungamusiyanitse ndi chakumwa cha m'sitolo. Chitini cha jamu chinali chopanda kanthu, koma chitini sichiulula. Suti ya bambo inkangolendewera m'thupi ngati yaikidwa pamsomali, choncho ndinawaveka majuzi awiri m'kati, dzuwa likuswa mtengo.

Wojambula anafika cha m'ma teni, thukuta kamukamu. Ndi mnyamata wa ku Mandeya, ndipo sanataye nthawi.

“Mari handidi, sisi,” anatero. Ndalama sakufuna. Maso ake anali pa nkhuku yathu yomaliza, imene ndinaisunga miyezi inayi kuti Chipo adzalawe msuzi tsiku limeneli. “Ndipeni huku iyo.”

Ndinayang'ana bambo. Ndinkayembekeza kuti apa pokha anena kuti basi, masewera atha.

“Mpatse,” anatero. “Koma iyambe yajambulidwa.”

Choncho nkhuku inajambulidwa nawo, ili m'manja mwanga, yamoyo, ngati kuti kuseri kwa nyumba kuli zina makumi awiri. Wojambula anagwada, nafuulira bambo kuti aseke pang'ono, “Sekuru, sekai zvishoma!” Bambo anamwetulira. Ine ndinayesa. Amene sanafunike kuuzidwa anali Chipo. Mwanayu anali atayang'anitsitsa patebulo, maso mbee, kukamwa kuli kotsegula. Ine ndinatanganidwa ndi majuzi, ndi nkhuku, ndi mabotolo, ndipo ndinaiwala chinthu chimodzi. Sindinamuuze.

Kamera itangolira, anathamangira patebulo.

“Mhamha, chingwa!” Ana athu Chishona ndiye chili pafupi ndi pakamwa. Ankati amayi, buledi.

Anakoka pepala lija ndi manja awiri. Linamulemera, linagwa pansi, linang'ambika, njerwa n'kutulukira. Mwana anaiyang'ana. Anandiyang'ana ine. Ndikanakonda akanalira, chifukwa mwana wolira umadziwa momutonthozera. Iye sanalire. Anatola pepala long'ambikalo, analiika pamphuno n'kununkhiza, kenaka anapita nalo kuseri kwa nyumba. Wojambula anamangirira nkhuku pakeliyala osayang'ana munthu kumaso. Masana tinadya nthochi.

Chichitikireni zimenezi mtima wanga sunakhale m'malo, ndipo ndakhala ndikudzifunsa kuti ife ndife anthu otani.

Makolo athu anachoka kwawo atalonjeza kuti abwera pakatha zaka ziwiri, ndi njinga, ndi malata, ndi makina osokera. Zaka ziwiri zinakhala khumi. Njinga sinakwane. Munthu ubwerera bwanji chimanjamanja pamene mudzi wonse unakuperekeza? Ndiye unkati ndidikire chaka chamawa, pakadali pano nditumize chithunzi. Kumudzi anawatcha matchona, ngati kuti anaiwala kwawo. Sanaiwale ayi. Ankakumbukira tsiku lililonse, n'chifukwa chake ankachita manyazi.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife timamva m'mimba n'kukhoma chitseko, kenaka n'kusuzumira pawindo tikumwetulira. Kutchalitchi munthu wagona ndi njala masiku awiri, ukamufunsa ati, “Tili bwino, Mulungu akutisunga.” Mayi aika mphika wa madzi okhaokha pamoto kuti anansi aone utsi. Ndi nyumba zingati m'komboni mwanu zimene zinafuka utsi wotere pa Khirisimasi?

Ndipo matendawa ndi otengera. Ana athu amene athawira ku Joni ayamba kale kutitumizira zithunzi atatsamira galimoto zonyezimira. Ife amene tinayambitsa luso limeneli, amene tikudziwa kuti wailesi inali ya kapitawo, timalandira zithunzizo n'kuzikhulupirira. Timakwiya kuti mwana ali ndi galimoto koma satumiza ngakhale paketi ya shuga. Mwina nayenso akugona pansi pa mlatho, ndipo akuopa kutiuza chifukwa ife tinamulembera kuti kuno tili bwino. Aliyense akunamiza amene akanamuthandiza. Nanga tidabwe chiyani akuluakulu a dziko akamalankhula pawailesi kuti zinthu zili m'chimake? Anakulira m'nyumba ngati zathu zomwezi.

Ndikulemba ngati ndine wanzeru, koma njerwa ija anatsuka ndine.

Lolemba wojambula anabweretsa chithunzi. Chinatuluka bwino moti ndinachita mantha. Tiyi ali biriwiri kumbuyo, mabotolo akunyezimira, Chipo akumwetulira kumwetulira koona. Koma chimene chinandilasa mtima ndi nkhope ya bambo. Kwa mwezi tsopano masaya ndi mapazi awo akhala akutupa. Namwino wa kuchipatala cha kampani anandiuza kuti si matenda a mankhwala, ndi thupi limene likusowa chakudya chenicheni. Ukadina ndi chala pamwendo, dzenje limatsala. Pachithunzi kutupako kukuoneka ngati kunenepa.

Bambo anachiyandikiza kumaso, nachitembenuzira kowala. Anagwedeza mutu mokhutira.

“Tenga pepala, Nabanda. Lemba. Mlongo wanga, za pawailesi n'zokokomeza. Ife tili bwino, ona wekha. Mundawo pereka kwa mkamwini, aulime ndi mtima umodzi. Ndidzabwera kudzacheza ntchito ikachepa.”

Ndinagwira cholembera. Bambo saona zilembo. Ndinaganiza za Chipo, ndinaganiza za nkhokwe ija, ndipo ndinalemba zanga. Ndinalemba za nthochi, za mapazi otupa, za njerwa. Ndinalemba kuti azakhali, mundawo musapereke, tikubwera. Nditamaliza ndinawawerengera mawu awo aja ngati kuti ndi amene ali papepala.

Anandisiya mpaka ndinamaliza.

“Wawerenga bwino,” anatero. “Koma ine ndalankhula pang'ono, cholembera chako chayenda ulendo wautali.”

Ndinaika pepalalo pansi. Kenaka zonse zinangotuluka. “Bambo, mufa! Mukudziwa kuti mufa? Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Si inu amene munkatiuza zimenezi? Lole inyamuka mawa, malo alipo. Ngati simukudzimvera chisoni, mverani chisoni mdzukulu wanu.”

Sanakweze mawu. Bambo anga sanakwezepo mawu chibadwire changa.

“Dalaivala uja anandiuza kuti mlongo wanga anapachika zithunzi zonse pakhoma, kuyambira choyamba ndili ndi malemu amayi ako. Khoma lonse. Alendo akabwera amawaonetsa, amati awa ndi achimwene anga a ku Halale. Mwamuna wake atamwalira, anthu sanamupondereze chifukwa ankati ali ndi mlongo wolemera kunja. Ndiye ukufuna ndikatsike palole ndi kathumba ka pulasitiki, ndikaime pansi pa khoma limenelo? Ndikamuuze kuti zaka makumi anayi wakhala akupukuta fumbi pa bodza?”

“Azakhali akufuna inu, osati zithunzi.”

“Iye sandidziwa ine, mwanawe. Amadziwa wa pakhomayo. Msiye amwalire ali ndi mlongo ameneyo.”

Ndinati nanga ine ndi Chipo tipite tokha? Anati pitani, sindikuletsani. Ankadziwa kuti sindingawasiye okha m'nyumba ya kampani, osaona, osatha kutunga madzi, manda a amayi ali kuseri kwa phiri. Inenso ndinkadziwa. Ku Mulanje sindinapondeko, ndipo sindikanakafika pakhomo la azakhali n'kunena kuti mlongo wanu ndamusiya akufa.

Amati manyazi anapha lambe. Ine ndinkayesa kuti ndi mwambi wonena za anthu opusa. Bambo anga si opusa. Moyo wawo wonse anapeza chinthu chimodzi chokha chimene kampani, boma ndi njala sizinawalande, ndicho ulemu umene ali nawo pakhoma la nyumba ina ku Mulanje. Ine ndikuti ulemu sudyedwa, ndipo ndikunena zoona. Iwo akuti popanda umenewo palibe chimene anakhalira moyo. Ndani mwa inu angandiuze kuti akunama?

Ndinang'amba kalata yanga. Ndinalemba yawo, mawu ndi mawu, iwo akumvetsera kutalika kwa cholembera.

Lachiwiri m'mamawa ndinayenda wapansi mpaka ku Ruda. Lole inali italira kale. Dalaivala atandiona ndili ndekha, wopanda katundu, anatsika.

“Aphunzitsi, nanga madala ali kuti? Malo ndawasungira kutsogolo.”

Ndinamupatsa envulopu. Inalibe ulimbo womatira, choncho chithunzi chinasuzumira, ndipo iye anachisolola n'kuchiyang'ana. Pamenepo mpata unalipo. Ndikanangonena mawu atatu, munthuyu akanakafikitsa zoona ku Mulanje ndi pakamwa pake, popanda kalata. Anaseka, nagwedeza mutu.

“Aaa, koma anthu amakokomeza! Mayi aja akudandaula usiku ndi usana, pamene madala akunenepa chonchi? Ndiye ndikawauze kuti mundawo apereke?”

Ndinati eya, mukawauze kuti apereke.