Mawaya a Kagalimoto ka Asibweni

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi kwathu ku Magodi, chaka chimene amalume anga anabwerako ku Migodi ndi kagalimoto kofiira, kopanda denga, ka mipando iwiri yokha. Kwathu amalume timati asibweni. Kagalimotoko sikakanatha kunyamula ngakhale matumba awiri a chimanga, koma iwo ankakasamala ngati khanda. Ankakaliza Lamulungu lokha tikaweruka ku tchalitchi, kenako n'kukhala pansi pa mtengo wa mango kumakangana ndi a Zimba, bambo amene anakalambira pa chiwongolero cha malole onyamula fodya.

"Iyi ni motoka ya zoona?" ankatero a Zimba. "Zakale zinali za nsimbi, mwana. Iyi mvula ikabwela muzasambila momwemo."

Asibweni ankayankha kuti malole akalewo anali ng'ombe zapangolo, zongodziwa kubuula pachitunda. Sabata ndi sabata nkhani inali yomweyo, ndipo panalibe wogonja.

Nafenso ana tinali ndi mpikisano wathu wa magalimoto a waya. Yanga inali yomvetsa chisoni, yomanga ndi luzi, ndipo anzanga ankaitcha wilibala. Zinkandipweteka kwambiri. Tsono Lolemba lina akuluakulu ali kumunda, ndinatsegula boneti ya asibweni n'kudula mawaya atatu, awiri ofiira ndi mmodzi wachikasu. Ndinkati poti alimo ambiri, atatu okha sangadziwike. Ndinawaduladula n'kumangira galimoto yanga yatsopano yopanda denga, moti tsikulo anzanga aja anachita kundipempha kuti ayendetseko.

Lachitatu dzuwa lili paliwombo, mlongo wanga Tamara, wa zaka zisanu ndi chimodzi, analumidwa ndi njoka kuphazi m'munda wa mtedza. Amayi anafika naye atam'bereka, akuthamanga, mwendo utayamba kale kutupa. Njinga anali atapita nayo abambo ku boma, ndipo kuchipatala kunali kutali moti wapansi akanafika dzuwa litapendeka. Maso onse anali pa kagalimoto kaja.

Asibweni anapotokola kiyi. Zii! Amuna anakankha mpaka kuchitsime, koma sikanatsokomole n'komwe. Anakabweza, n'kukankhanso. A Zimba ankati ndi batire, asibweni ankakana kuti batire ili bwino, amayi akugubuduka pafumbi uku akukuwira mlongo wawoyo m'Chitumbuka, "Adumbu, mwana wane wakufwa!"

Ine ndinali m'gulu la okankhawo, ndipo ndinkakankha mwamphamvu kuposa wina aliyense, ndikudziwa bwino lomwe kuti sikalira. Chitsulo chinkatentha m'manja, thukuta likulowa m'maso. Mumtima ndinkachonderera Mulungu kuti akalize yekha, ine ndisaulule. Ndinkaopa chikoti, ndinkaopanso maso a amayi. Mlongo wanga ankafa pamaso panga, ine ndikusunga khungu langa.

Tikukankha kachitatu, Tamara anasiya kulira. Mutu wake unangoti lende paphewa pa amayi. Pamenepo mantha a chikoti anandithera. Ndinathamangira kunsi kwa nkhokwe kumene ndinabisa galimoto yanga, n'kudzaiika pamapazi pa asibweni.

"Mawaya yanu ali apa. Nine n'nadula."

Palibe anandimenya, nthawi yake panalibe. A Zimba anagwada pafumbi n'kuyamba kumasula tizidutswa tija, akusenda ndi mano n'kumalumikiza kamodzikamodzi. Asibweni ankakulunga ndi mphira. Anthu awiri amene sankagwirizana pa chilichonse chokhudza galimoto anagunditsana mitu pansi pa boneti osayankhulana. Ndinali nditadula timawayato tating'onoting'ono kwambiri, choncho ntchitoyo inatenga nthawi. Potsiriza kagalimoto kanatsokomola n'kulira. Amayi anakhala pampando wachiwiri uja atamufungata Tamara, ndipo ife tinatsala tikuyang'ana fumbi.

Tamara anachira, koma anam'dula zala ziwiri zakuphazi, ndipo mpaka lero amatsimphina. Patapita masiku angapo asibweni anandiitana. Ndinapita nditakonzekera chikoti, koma iwo anangondikhazika pansi.

"Za mawaya nakukhululukila, ndiwe mwana," anatero. "Koma tinakankha katatu, iwe uli pamenepo, uli zii. Icho ndiye chiniwawa."

Bola akanandikwapula. Palibe dokotala ananenapo kuti zala zija zikanapulumuka tikanafulumira, ndipo Tamara sanandinenepo ngakhale tsiku limodzi. Koma ine ndakula ndi funso limenelo, ndipo palibe angandiyankhe. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti cholakwa changa chinali chokonzeka, anthu awiri anachikonza ndi mano ndi mphira. Chosakonzeka chinali nthawi imene ndinakhala chete. Lero ndikalakwa, kaya kuntchito kaya pakhomo, ndimaulula msanga manyazi asanandigwire pakamwa. Anthu amati ndine wolimba mtima, koma sadziwa kuti nzeru imeneyi anandilipirira ndi mlongo wanga, ndi phazi lake.