Ngalande ya Akapitawo

Chaka chimene ndinalowa Fomu Wani, kwathu kufupi ndi Chalimbana kunabwera kapitawo wa zaulimi kudzayeza mizere ya m'minda. Anabwera ndi levulo, makina oyezera kutsetsereka kwa nthaka, oima pa miyendo itatu yamatabwa. Pamwamba pake pali kachubu kosuzumiramo, ndipo munthu m'menemo amaoneka chadodolido, mutu pansi miyendo m'mwamba.

Tsiku lina amayi anga ankadutsa atasenza mtsuko. Kapitawo analozetsa chubu kwa iwo n'kuitana amuna amene ankakhoma zikhomo.

"Bwerani muone amayi aja! Ayenda ni mutu, koma nsalu siikugwa. Tiyembekeze pang'ono, kapena izagwa!"

Amuna asanu anasuzumira mosinthana, akufa ndi phwete. Amayi anatula mtsuko n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe, ndipo njira imeneyo sanaidutsenso. Ine ndinali pa holide, ndinaona zonse. Ndinangoti chabwino, tionana.

Chimene mkuluyo sankadziwa n'chakuti aphunzitsi a masamu anali atatisonyeza kale levulo kusukulu. Pansi pa chubu pali masikuluwu atatu. Umawapotokola mpaka kathovu ka m'kagalasi kaime pakatikati. Kathovu kakathawira kumbali ndiye kuti chubu chapendeka, ndipo manambala onse amene ukuwerenga pa ndodo yoyezera ndi bodza lokhalokha.

Pa holide ya Ogasiti ndinapeza kapitawo atafunsira mbeta m'mudzi mwathu, mwana wa mdala wina wa dimba lalikulu la kabichi. Akamwini ena amalimira apongozi munda. Iye ayi.

"Ine sinigwira khasu monga mbuli," anatero. "Nizabweretsa madzi a mumtsinje mpaka mudimba. Ndowa muzaiwala."

M'mawa wa tsiku loyeza anaimika levulo m'mbali mwa mtsinje, n'kukhazika kathovu pakati bwinobwino. Kenaka mbeta ija inafika ndi chipanda cha munkoyo, chakumwa cha kwathu, iye n'kuilondola pamthunzi. Ndinayandikira makinawo manja kumbuyo, ngati mwana wochita chidwi. Sikuluwu yoyang'ana kudimba ndinaipotokola kamodzi ndi theka. Chubu chinadzutsa mphuno pang'ono, diso silikanaona. Kathovu kokha ndi kamene kakanandiulula, koma atabwerako kodi anakayang'ana? Maso anali pa mtsikana, chipewa chili pambali.

Anakumba ngalande masabata atatu motsata zikhomo zake, khasu lomwe ankalinyoza lija lili m'manja, matuza ali tho. Ine tsiku lililonse ndinkadutsa n'kumupatsa moni waulemu kwambiri.

Tsiku lotsegula madzi kunabwera mudzi wonse. Anagumula kadothi kotsekera, madzi n'kulowa. Anayenda mapazi makumi awiri, n'kuima. Tinadikira. Tsamba limene mwana wina anaponyamo linazungulira n'kuyamba kubwerera kumtsinje.

"Akamwini," anatero mdala wa dimba uja mofatsa, "kodi kuboma kwanu madzi amakwera chitunda?"

Amayi ena kumbuyo anayamba nthungululu. Mbeta inaphimba nkhope ndi mpango n'kuthawa. Sabata isanathe ankhoswe anabweza mawu, ukwati n'kuthera pomwepo. Koma chokoma chenicheni chinachitika tsiku lotsegula madzi lomwelo.

Kapitawo, thukuta lili kamukamu, anaimikanso levulo kuti aone pamene panalakwika. Antchito ake anali atazemba ndi manyazi. Anatenga yekha ndodo yoyezera n'kulumphira m'matope a ngalande.

"Iwe wa sukulu! Suzumira, uniwerengere nambala!"

Ndinasuzumira. Uyo, ali lende chadodolido, matope mpaka m'mawondo.

"Sinikuona bwino, akapitawo. Imani choncho, musagwedezeke." Ndinatembenuka. "Amayi, tabwerani munithandize."

Amayi anabwera pang'onopang'ono, anakonza nsalu yawo, n'kuika diso pachubu. Anayang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Kabudula wawo nayenso sakugwa," anatero. "Tiyembekeze pang'ono."

Sindinapepese, ndipo musayembekeze. Chimene chimandiwawa n'chimodzi: ndikanapotokola kawiri.